Tisadikire kuti agogo agwe

Mvula ikayamba kuno ku Milange tonse timadziwa mmene njira zathu zimakhalira. Madzi otsika m'phiri la Tumbine amakumba tinjira ta m'midzi, ndipo dothi limaterera ngati therere. Mwana akaterereka amadzuka yekha, anzake n'kumuseka, masewera n'kupitirira. Koma agogo akaterereka pamalo omwewo, nkhani yake imakhala ina. Ena sadzukanso pamphasa.

Nkhaniyi ndikukulemberani inu amene mumakhala ndi okalamba pakhomo, ndiponso inu agogo amene mdzukulu akukuwerengerani tsamba lino. Ndiyambe ndi zomwe zinachitika kwathu.

Mu Febuluwale chaka cha 2024, agogo anga aakazi anadzuka usiku kupita kuchimbudzi. Tochi inali itatha mabatire. Anaponda pamatope kuseri kwa nyumba n'kugwa chokhala. Sanatuluke magazi ngakhale dontho. Tinawadzutsa, kuwathowa ndi madzi otentha, n'kumati mawa akhala bwino. Patapita masabata awiri anali akulephera ngakhale kutembenuka pogona. Titapita nawo kuchipatala anawajambula msana, ndipo anatiuza kuti timafupa tiwiri taphwanyika, kena kachatsopano, kena kakalekale. Kakalekaleko palibe amene ankadziwa. Agogo atakumbukira anati mwina ndi tsiku lina lomwe anamva kulasa kumsana akusenza mtolo wa nkhuni, koma anangoti ndi ukalamba.

Adokotala anatiuza mawu omwe sindinawaiwale: fupa lothyokali lipola, koma ntchito yathu yaikulu ndi kuonetsetsa kuti asagwenso.

Kodi chimachitika n'chiyani m'mafupa?

Mlimi aliyense amadziwa chimanga chofumbwa. Kunja njere imaoneka yabwinobwino, koma mukaifinya imangophwanyika chifukwa anankafumbwe anadya m'kati. Matenda omwe achipatala amawatcha osteoporosis, pa Chipwitikizi osteoporose, amachita chimodzimodzi ndi mafupa a munthu. Sikuti m'fupamo mwalowa kachilombo ayi. Fupa ndi chinthu chamoyo, thupi limagumula lakale n'kumanga latsopano tsiku ndi tsiku. Tikakhala achinyamata kumanga kumaposa kugumula, ndipo mafupa amafika pachimake cha kulimba munthu akamayandikira zaka 30. Ukalamba ukamabwera, kugumula kumayamba kuposa kumanga. M'kati mwa fupa mumachuluka timibowo mpaka fupalo limakhala chikomekome cha mkuyu.

Amayi ndiwo amavutika kwambiri. Mayi akasiya kusamba, thupi lake limachepetsa michere yotchedwa estrogen yomwe imateteza mafupa, ndipo m'zaka zotsatira mafupa amafooka mofulumira. Bungwe loona za matendawa pa dziko lonse la International Osteoporosis Foundation limati mwa amayi atatu alionse opitirira zaka 50, mmodzi adzathyoka fupa chifukwa cha matendawa. Kwa abambo ndi mmodzi mwa asanu. Choncho abambo musati izi n'za amayi okha.

Palinso zina zomwe zimafooketsa mafupa: kusuta fodya, kumwa mowa kwambiri, kuonda chifukwa chosowa chakudya, kukhala chigonere nthawi yaitali, komanso kumwa mankhwala monga prednisolone kwa miyezi itatu kapena kuposerapo. Kachilombo ka HIV nako kamachepetsa mphamvu ya mafupa, chimodzimodzinso ena mwa mankhwala a TARV monga tenofovir. Koma chonde mvetsetsani, ichi si chifukwa chosiyira mankhwala. Kusiya TARV n'koopsa kuposa apa. Ngati muli pa mankhwalawa ndipo ndinu wamkulu, auzeni achipatala za kupweteka kwa msana kuti akuoneni bwino.

Msana wa munthu ndi timafupa tosanjikizana ngati njerwa. Kafupa kofumbwa kakalemedwa kamaphwanyika, makamaka mbali ya kutsogolo, n'kutsala kopyapyala ngati mphero. Timafupa tingapo tikatere, msana umapindikira kutsogolo ndipo munthu amafupika. Pena zimachitika munthu akagwa, koma pena kungonyamula ndowa, kutsokomola mwamphamvu kapena kugwedezeka pa njinga m'njira ya mabampu n'kokwanira.

Mungadziwe bwanji?

Vuto lalikulu n'lakuti mwa anthu atatu othyoka msana motere, pafupifupi awiri sadziwika n'komwe kuchipatala. Amangoti ndi nyamakazi. Inu yang'anani zizindikiro izi kwa agogo anu. Kodi afupika poyerekeza ndi kale? Munthu akafupika ndi masentimita 4 kapena kuposerapo, kutalika ngati zala ziwiri kapena zitatu zogundizana, ndi bwino akapimidwe. Kodi msana wawo wayamba linunda? Kodi anamvapo kupweteka kwadzidzidzi pakati pa msana kapena m'munsi mwake, komwe kumakula akaima kapena akamayenda koma kumachepa akagona? Kodi anathyokapo mkono atangogwa pang'ono?

Dziwaninso kuti si msana uliwonse wopweteka womwe ndi matendawa. Kuno kwathu TB ilipo yambiri, ndipo TB imagwiranso msana. Ngati kupwetekako kukubwera pamodzi ndi kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuonda, musachedwe. Ngati miyendo yachita dzanzi kapena yafooka, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikungotuluka zokha, kapena mkodzo wakanika kutuluka, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Kutema mphini sikulumikiza fupa, ndipo kutikita mwamphamvu kapena kuponda pamsana kungathe kuwonjezera ngozi.

Chifukwa chiyani tikulimbikira za kugwa?

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chifukwa cha kugwa, ndipo oposa 80 mwa 100 alionse mwa iwo ndi a m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Omwalira ambiri ndi opitirira zaka 60. Mwa okalamba a zaka 65 kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi mwa atatu amagwa chaka chilichonse.

Kwa munthu amene anathyoka kale msana, chiopsezo n'chachikulu zedi. Kafukufuku yemwe anasindikizidwa mu 2001 anapeza kuti mwa amayi asanu othyoka kafupa ka msana, mmodzi amathyokanso kena chaka chisanathe. Komanso msana ukapindika, thupi limalemerera kutsogolo, maso amangoyang'ana pansi, miyendo imafooka chifukwa cha kugona, ndiye kugwa kumakhala pafupi. Choopsa kwambiri ndi kuthyoka kwa fupa la ntchafu pamene limalumikizana ndi chiuno. Limeneli limafuna opaleshoni, ndipo kwa munthu wa ku Majaua, ku Mongue kapena ku Liciro ulendo wake ndi wautali, mwina mpaka ku Quelimane. Ambiri akathyoka pamenepa sayendanso ngati kale.

Ndipo tisaiwale kuti m'midzi mwathu agogo si munthu wongokhala. Ana awo ali ku Mocuba, ku Blantyre kapena ku Joni. Agogo ndiwo akulera adzukulu, kuphika, kuyang'anira munda wa chimanga ndi nandolo. Agogo akagona, mwana wamkazi amasiya sukulu kuti aziwasamala, ndipo munda umamera tchire.

Mafunso atatu

Mu 2022 akatswiri a m'maiko osiyanasiyana anatulutsa malangizo a dziko lonse opewera kugwa kwa okalamba. M'malangizomo muli mafunso atatu osavuta omwe inunso mungafunse madzulo ano. Agogo, kodi munagwapo m'chaka chapitachi? Kodi mumamva kudzandira mukaima kapena mukamayenda? Kodi mumaopa kugwa?

Funsani mwaulemu, muli awiri. Okalamba ambiri amabisa kuti anagwa poopa kusekedwa kapena kuletsedwa kupita kumunda. Akavomera ngakhale funso limodzi, auzeni a APE a m'mudzi mwanu kapena pitani nawo ku Centro de Saúde yapafupi.

Yendani pakhomo panu ndi maso a agogo

Okalamba ambiri amagwera pakhomo pomwe, pamalo omwe amayendapo tsiku lililonse. Ife titabwerako kuchipatala tinayenda kuchokera pogona agogo mpaka kuchimbudzi, pang'onopang'ono, tikuyang'ana pansi. Tinapeza muzu wa mango, chingwe cha mbuzi, dzenje lomwe ana anakumba, ndi mwala wa ndere pabafa. Zonsezi tinkazidutsa tsiku ndi tsiku osaziona.

Yambani ndi njira ya kuchimbudzi. Isalazeni, chotsani miyala ndi mizu, thirani mchenga kapena zidutswa za njerwa pamene pamaima madzi, ndipo kumbani kangalande kopatutsa madzi a padenga. Zikani mitengo yolimba m'mbali mwake n'kumangirira nsungwi yopingasa yofika m'chiuno kuti agogo azigwira poyenda. Ntchito imeneyi anyamata awiri amaimaliza tsiku limodzi ndipo sifuna metikali iliyonse.

M'chimbudzi momwemo zikani mtengo wogwira ponjuta ndi podzuka. Ngati kunjuta kukuvuta, kampando kolimba koboola pakati kamathandiza kwambiri. Onaninso ngati mitengo yoyala pansi sinaole, makamaka mvula ikatha.

Kubafa ndiko kumagwera ambiri. Palani ndere pamiyala kawirikawiri. Ikani kampando kuti agogo azisamba atakhala, ndipo beseni likhale pamwamba, osati pansi pofuna kuwerama.

Usiku tochi ikhale pamutu pa agogo, osati m'manja mwa mnyamata amene wapita kokacheza. Katochi ka dzuwa n'kabwino chifukwa sikafuna mabatire. Nyengo ya mvula, kachidebe kovundikira kokodzeramo m'nyumba si chinthu chochititsa manyazi. Manyazi ndi kunyamula agogo pachitseko chifukwa cha mkodzo. Neti ya udzudzu musachotse, koma ipindireni bwino pansi pa zogonera kuti isawakole mapazi podzuka.

Kudzuka pansi n'kovuta kwa munthu wothyoka msana. Ngati mungathe, apangireni bedi lofika m'mawondo, ngakhale la mitengo ndi nsungwi, ndi mpando wotsamira wosatsika kwambiri. Khonde likakhala lalitali, onjezerani sitepe yotakata ndi mzati wogwira. Makasu, minsi, nkhuni ndi zidebe zikhale ndi malo ake. Mphika, mchere ndi kapu ya agogo zikhale pofikira, asamachite kukwera pachitsa kapena kuwerama mpaka pansi.

Taonaninso kumapazi. Mapatapata otha amaterera ndipo amavuka. Nsapato yabwino ndi yogwira chidendene, yosatha kunsi. Kapulana asamakhwekhwerere pansi. Ndipo kumbukirani kuti kuterera si kwa dzinja lokha. Mu Juni ndi Julayi kumabwera mvula yowaza ija yomwe anzathu a ku Malawi anaitcha chiperoni potengera phiri lathu la Chiperone. Imangonyowetsa pamwamba, koma n'kokwanira kugwetsa munthu.

Ndodo si chizindikiro cha kugonja

Agogo anga poyamba anakana ndodo. Anati, "Mdzukulu wanga, ukufuna anthu aziti ndatha ntchito?" Tinawauza kuti ngakhale mfumu imayenda ndi ndodo. Lero saisiya.

Ndodo ikhale ya msinkhu wake. Agogo aime chilili, manja ali m'mbali. Mutu wa ndodo ufike pamfundo pamene dzanja limalumikizana ndi mkono. Yaifupi imaweramitsa, yaitali imatopetsa phewa. Kunsi kwake vekani kachidutswa ka tayala kuti isamaterere pasimenti. Ngati mwendo umodzi ndi wofooka, ndodo igwiridwe ndi dzanja la mbali inayo.

Chizungulire, maso ndi mankhwala

Okalamba ambiri amachita chizungulire akadzuka mofulumira chifukwa magazi amachedwa kufika kumutu. Lamulo lake n'losavuta. Mukadzuka yambani mwakhala, gwedezani mapazi, werengani mpaka 30, kenako imirirani mutagwira chinthu, ndipo musanyamuke mpaka mutu utakhazikika. Imwani madzi okwanira masana. Ena amadzimana madzi poopa kutuluka usiku, koma zimenezi zimawonjezera chizungulire.

Mankhwala ena amagwetsa. Ogonetsa monga diazepam, a chimfine ndi ziwengo monga chlorpheniramine, komanso a BP ndi a shuga akachuluka mphamvu, amabweretsa tulo kapena chizungulire. Ife a m'malire tili ndi vuto lathulathu. Munthu amalandira mankhwala ku Milange, n'kukalandiranso ena ku Muloza kapena ku Mulanje, n'kugulanso ena pamsika wa Limbuli. Maina ena ndi a Chipwitikizi, ena a Chingerezi, mwina mankhwala ake ndi amodzi omwewo, ndipo agogo akumwa kawiri osadziwa. Popita kuchipatala, kaya ndi mbali iti ya malire, ikani mankhwala onse m'jumbo limodzi pamodzi ndi makadi ndi mabuku onse a kuchipatala, mukawaonetse. Musasiye kapena kusintha nokha.

Ngati maso achita ng'ala, dziwani kuti ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi ndipo ambiri amaonanso. Funsani kuchipatala za tsiku lomwe a maso amaona odwala. Za kachasu sitichita kunena zambiri. Amafooketsa mafupa, amagwetsanso mwini wake.

Kugona chigonere si mankhwala

Apa ndi pamene ambiri timalakwa chifukwa cha chikondi. Agogo akagwa timati, "Basi khalani pansi, tizikupangirani zonse." Koma minofu yosagwira ntchito imatha msanga, ndipo mafupa amafookeratu. Kupweteka kwa kafupa kothyoka kumachepa pakati pa masabata 6 ndi 12. M'masiku oyamba munthu apume ndithu, koma ululu ukayamba kuchepa ayambe kudzuka ndi kuyenda pang'onopang'ono. Paracetamol amathandiza kuti athe kuyenda. Ibuprofen ndi diclofenac asamwedwe mwachisawawa chifukwa kwa okalamba amatha kuwononga m'mimba ndi impso.

Kafukufuku wamkulu wa bungwe la Cochrane wa mu 2019 anaonetsa kuti masewera olimbitsa thupi amachepetsa kugwa kwa okalamba ndi pafupifupi 23 pa 100, makamaka masewera ophunzitsa thupi kuima mosadzandira. WHO imalangiza kuti okalamba azichita masewera otere masiku atatu kapena kuposerapo pa sabata. Achipatala akavomereza, yesani awa, wina ali pambali.

Khalani pampando wolimba wotsamira khoma, imirirani, khalaninso pang'onopang'ono osadzigwetsa. Yambani ndi kasanu, muzionjezera mpaka kakhumi. Gwirani mzati wa khonde, nyang'amani pa zala za kumapazi, tsikani, kakhumi. Mutagwirabe mzatiwo, ikani phazi limodzi kutsogolo kwa linzake, chidendene chikugunda zala, werengani mpaka 10, sinthani. Kenako imani mowongoka, kokerani mapewa kumbuyo ngati mukufuna agundane, werengani mpaka 5, masulani. Pomaliza yendani pabwalo losalala m'mawa ndi madzulo. Ngati china chikubweretsa ululu wolasa, siyani mukafunse.

Agogo awiri kapena atatu a nyumba zoyandikana akamachitira limodzi salephera, chifukwa amakumbutsana ndi kusekana.

Pali ntchito zomwe wothyoka msana ayenera kusiyira ena: kusenza chigubu cha malita 20, chomwe chimalemera makilogalamu 20, kusenza nkhuni, kusinja, ndi kulima mowerama tsiku lonse. Choopsa ndi kuwerama kwambiri kapena kupotokola thupi mutanyamula katundu. Potola chinthu pansi, pindani mawondo, msana uli chowongoka, chinthucho chili pafupi ndi thupi. Tsache likhale la mpini wautali. Koma musawalande ntchito zonse. Kutongola chimanga, kusankha nyemba, kuluka mkeka atakhala pampando wotsamira, kulangiza ana, zonsezi akhoza.

Chakudya chomanga mafupa

Mafupa amafuna mchere wotchedwa calcium, ndipo m'nsima ya ufa woyera muli wochepa kwambiri. Mwayi wathu ndi wakuti zakudya zake tili nazo. Usipa ndi matemba zodya ndi minga yomwe zili patsogolo. Onjezerani bonongwe, nkhwani, chigwada, khwanya, masamba a chamwamba, phala kapena thobwa la mawere, soya, ndi mkaka wowiritsa ukapezeka. Nandolo, nyemba, nsinjiro ndi mazira zimamanga minofu. Ngati mano anatha, sinjani usipa wouma muthire m'phala kapena m'ndiwo. Musagulitse nandolo yense kwa ogula, siyaniko wa pakhomo. Ndipo agogo asamadye makombo ana atatha.

Dzuwa nalo ndi mankhwala. Khungu likaombedwa ndi dzuwa limapanga vitamini D yemwe amathandiza thupi kutenga calcium m'chakudya. Wodwala amene amangokhala m'nyumba muzimutulutsa awothere dzuwa tsiku lililonse.

Mankhwala olimbitsa mafupa alipo, monga alendronate, yemwe amamwedwa kamodzi pa sabata m'mawa musanadye, ndi kapu yodzaza ya madzi, ndipo munthu sagona pansi kwa mphindi 30 atamwa. Amenewa amalemba ndi adokotala. Wothyoka msana kapena chiuno atangogwa pang'ono afunse ngati angawalandire.

Nanga akagwa?

Musathamangire kuwakoka manja. Afunseni pamene pakupweteka. Ngati akumva ululu waukulu kumsana, m'khosi kapena m'chiuno, ngati mwendo umodzi wafupika n'kutembenukira kunja, ngati anamenyetsa mutu ndipo akusanza, akusokonezeka kapena akungogona, musawaimiritse. Afunditseni, itanani anthu atatu kapena anayi, muwasunthire pachitseko kapena pathabwa thupi lili chowongoka, n'kufunafuna galimoto. Musawakhazike pa njinga ya kabaza kapena pa njinga yamoto.

Ngati sanapweteke, adzuke okha inu mukungowachirikiza. Atembenukire cham'mbali, agwade manja ali pansi, akwawire pampando wolimba, agwire, aponde ndi phazi limodzi, adzuke n'kukhala pampandopo. Ngakhale aoneke bwino, kugwako kukanenedwe kuchipatala kuti chifukwa chake chipezeke.

Linunda si ufiti

Ndisanatsirize ndinene chinthu chomwe chimandiwawa. M'midzi ina, gogo wopindika msana, woyenda ndi ndodo, ana amamuthawa ndipo akuluakulu amamunong'ona kuti ndi mfiti. Ena amasiyidwa okha m'kanyumba kumapeto kwa mudzi, kopanda wowatungira madzi. Abale anga, msana umenewo unapindika chifukwa cha mafupa ofooka ndi zaka zambiri za khasu, nkhata ndi kubereka ana kumbuyo. Anatibereka ndi msana womwewo. Dziko lathu la Mozambique lili ndi lamulo nambala 3/2014 loteteza ufulu wa okalamba, ndipo a INAS ali ndi thandizo la ndalama kwa okalamba osowa owathandiza. Mafumu, asekeretale a mabairo ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, dziwani okalamba okhala okha m'dera lanu. Achinyamata a mpingo kapena a timu ya mpira angathe kupatula Loweruka limodzi kukonza njira ndi zimbudzi za agogo atatu. Mutu umodzi susenza denga.

Pa 1 Okutobala dziko lonse limakumbukira okalamba, ndipo pa 20 Okutobala limakumbukira matenda ofooketsa mafupawa. Masiku onsewa amafika mvula isanayambe, nthawi yabwino yokonza pakhomo.

Agogo anga sasenzanso nkhuni. Koma m'mawa uliwonse amagwira mzati wa khonde n'kunyang'ama kakhumi, adzukulu akuwawerengera mokweza. Kuchokera tsiku lija sanagwenso. Inunso mukamaliza kuwerenga tsamba lino mupatseni mnzanu, kenako tengani khasu mukayende njira ya kuchimbudzi cha kwanu kusanade.